Ndinadwalira m'Buku la Achemwali

1. Chimene ndinasunga

Pali chinthu chimene ndinachisunga m'kamwa masabata asanu ndi limodzi osauza munthu, ngakhale mnzanga amene tinakhala naye desiki imodzi zaka zinayi. Ndinaba buku. Silinali la kusukulu kapena la kutchalitchi. Linali buku la kuchipatala la achemwali anga, la chikuto chotuwa, dzina lawo lili pamwamba. Ndinalitenga Lachiwiri m'mawa n'kulibweza Lachiwiri lomwelo masana, ndipo ndinkaganiza kuti ukabweza ndiye kuti sunabe.

Kwathu amanditchula Wailesi. Dzinali anandipatsa ndi alamu anga, amuna a achemwali, tsiku loyamba kufika pakhomo pathu. Anandipatsa moni katatu, ine ndikungoyang'ana zala za kumapazi.

“Amayi,” anatero alamu, “wailesi yanuyi ndi yokongola, koma munaiwala kuigulira mabatire.”

Onse anaseka, dzina n'kukhala.

Ndinali ndi zaka 18, nditangolemba mayeso omaliza a ku sekondale. Zotsatira zinali zisanatuluke. Masiku ambiri ndinkathandiza amayi, amene ndi telala, kusita zovala za makasitomala ndi kusokerera mabatani. Lachiwiri ndi Lachisanu ndinkapita kwa achemwali kukachapa, chifukwa iwo amagwira ntchito mu saluni ndipo amalawirira.

Panalinso mnyamata wina wokonza mafoni pafupi ndi siteji ya minibasi. Za iyeyu sindinena zambiri. Anali munthu woyamba kudikira mpaka nditamaliza kulankhula. Tinadziwana miyezi itatu. Mwezi wachinayi ndinayamba kumva kuotcha ndikamataya madzi, ndi zizindikiro zina zimene aphunzitsi anatilembera pa bolodi pa mutu wa matenda opatsirana pogonana. Pa mayeso funso limeneli ndinalikhoza bwino. Chimene sanatiphunzitse ndi khomo limene munthu umalowera zikakugwera.

2. Sutikesi ya amayi

Mabuku athu a kuchipatala amayi amasunga mu sutikesi ya pansi pa bedi, pamodzi ndi chithunzi cha malemu bambo. Kiyi wake anamumangirira ku tepi yoyezera imene imakhala m'khosi mwawo tsiku lonse. Ukadwala umawauza, iwo n'kutsegula, n'kukuperekeza. Pobwera amavala magalasi n'kuwerenga zonse zimene zalembedwa. Anthu amati zolemba za adokotala siziwerengeka, koma amayi anazizolowera zaka zija ankadwazika bambo.

Tsiku lachitatu la ululuwo ndinaima pafupi ndi makina awo osokera, mawu ali kale pa lilime. Pamenepo panali kasitomala akuyezedwa m'chiuno, pakamwa pakeponso pali pa ntchito. Ankanena za mwana wa mayi wogulitsa makala, amene anamuona kuchipatala ataima pa khomo la achinyamata.

Kasitomala atachoka, amayi anaponda makina pang'ono n'kusiya.

“Wamva zimenezo, Wailesi? Tamvera kuno. Ine ndakulerani ndekha ndi singano iyi. Maso angawa atha chifukwa cha iwe ndi mkulu wako. Mkulu wako sanandichititsepo manyazi. Anatuluka m'nyumba muno masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, atavala diresi losoka ine. Iwenso udzatuluka choncho. Khomo lijali analitsegula ndi anthu amene alibe ana aakazi. Mtsikana wolongosoka akafunako chiyani? Amene sanadye nyama safuna chotokosera m'mano. Ndipo usamadzinamize kuti kuchipatala kuli chinsinsi. Makoma ake ndi a simenti, koma mabenchi ake ali ndi pakamwa. Mbiri ya mtsikana ili ngati nsalu yoyera iyi. Ukaidula molakwika, ngakhale uilumikize bwanji, msoko umaoneka. Tsiku limene ndidzamve kuti mwana wanga waima pa khomo lija, mudzachita kundinyamula pamakina pano. Umati chiyani paja?”

“Ndimati ulusi woyera watha.”

“Uli m'kabati. Maso uli nawo koma suona.”

Ndinakatenga ulusi.

3. Makomo awiri

Lachitatu ndinanama kuti ndikukafunsa za zotsatira kusukulu. Ndinapita ku chipatala chapafupi. Khomo la achinyamata linali lobiriwira, ndipo pamwamba pake analemba kuti limatsegulidwa Lachitatu lokha, kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko. Analiika moyang'anizana ndi mpopi umene odwazika matenda amatsukirapo mbale. Ndinadutsapo kawiri ngati ndikupita kwina. Kachitatu ndinagwira chitseko. Chinali chokhoma.

“Asisi, anamwino a mmenemo apita kumaphunziro,” anakuwa mlonda ali pa geti. “Mubwere sabata yamawa. Vuto ndi lachangu?”

Amayi onse a pampopi anatembenuka. Ndinachoka msanga.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi ziwiri kupita ku chipatala cha kutali, kumene kulibe wondidziwa. Pa zenera panali kalaliki wa cholembera kukhutu. Kumbuyo kwanga mzere unafika mpaka panja.

“Buku.”

“Ndilibe. Ndimafuna latsopano.”

“Atsopano anatha mwezi watha. Vuto n'chiyani?”

Ndinanong'ona.

“Kwezani mawu, zenerali ndi la galasi.”

Ndinanong'onanso. Kalaliki anamva mbali ina, n'kuitana namwino amene ankadutsa ndi thireyi. Anali mayi wamkulu, wa nsapato zoyera zakutha chidendene. Sanandilowetse m'chipinda. Anandifunsira pakhonde pomwepo.

“Zaka zingati?”

“18.”

“Ndi thupi limeneli? Aliyense wobwera pano ali ndi zaka 18. Wokwatiwa?”

Ndinapukusa mutu.

“Ndiye tamvera, mwana iwe. Ine ndili pa ntchito ino zaka makumi awiri, ndipo ana ngati iwe ndaona ambiri. Mumabwera mutaweramitsa mitu ngati nkhosa, koma kumene mumakazitengako mitu imakhala m'mwamba. Makolo anu akuvutika kunjaku kuti muphunzire, inu mukuphunzira zina. Taona mzerewu. Muli amayi oyembekezera, muli ana a malungo, muli agogo amene ayenda wapansi kuchokera m'mawa. Amenewa sanasankhe kudwala. Iwe unasankha. Mankhwala alipo ochepa, ndiye ndiyambe ndi iwe? Ndikakupatsa lero mosavuta, mwezi wamawa ubweranso, ndiye udzati namwino uja ndi wabwino. Ubwino umenewo ndi umene ukupha ana athu. Pita ukatenge buku lako, ubwere ndi mayi ako kapena munthu wamkulu. Ndikufuna amve nawo.”

Munthu wina mumzere anati, “Auzeni, anamwino.” Wina anaseka.

Ndisanafike pa geti ndinacheuka. Namwino yemwe uja anali atagwira paphewa mayi wina wa duku kumutu ndi mphete ku chala. Ankamulowetsa m'chipinda n'kumati, “Bwerani mayi, musachite manyazi. Amuna athuwa ndi mtanda.” Anatseka chitseko pang'onopang'ono.

Mayi ameneyo sankandiposa ndi zaka zambiri.

4. Lachiwiri

Ululu unakula. Ndinkasita zovala nditaluma mlomo. Amayi ankati nkhope yanga ikuthamangitsa makasitomala.

Lachiwiri ndinapita kukachapa kwa achemwali monga mwa nthawi zonse. Iwo anali atachoka kale, chifukwa Lachiwiri lililonse amapita m'tauni kukaoda mankhwala a tsitsi. Alamu anali ku shedi kwawo, kumene amapala matabwa. Buku linali m'dirowa ya pansi pa TV, pamodzi ndi makandulo ndi malisiti akale. M'buku la kuchipatala mulibe chithunzi. Muli dzina, chaka chobadwa, ndi mawu amodzi amene ine ndinkawafuna: wokwatiwa.

Ndinamanga duku la achemwali. Ku chala ndinavala kamphete kachitsulo kopachikira makatani, kamene ndinatola m'chitini cha amayi. Ndinanyika zovala m'beseni kuti wobwera aziti ndangotuluka pang'ono.

Ku chipatala cha kutali chija, kalaliki analandira buku osadzutsa mutu. Namwino anali yemwe uja. Iye anayang'ana buku, anayang'ana duku, anayang'ana chala, basi.

“Lowani, mayi. Khalani apa.”

Anatseka chitseko. Anandifunsa mofatsa, ine n'kumayankha. Nditayamba kulira anandipatsa kapepala kopukutira.

“Musalire, si inu woyamba. Bambo amagwira ntchito yanji?”

Funso limeneli sindinalikonzekere. Ndinayankha chimene chinali pafupi.

“Ndi kalipentala.”

“Akalipentala nawonso. Khomo lililonse limene akonza amafuna alowemo. Muli ndi pakati?”

“Ayi.”

Analemba zimenezo. Anandibaya jekeseni, n'kundipatsa mapiritsi a masiku asanu ndi awiri ndi kapepala kokapatsa mwamuna kuti nayenso abwere. Kenako anadzaza tsamba lonse la buku, n'kumenya chidindo cha tsiku limenelo. Potuluka anandisisita pamsana.

Nditafika kwa achemwali ndinakhala pansi kuti nding'ambe tsambalo. Apa ndi pamene ndinaona mmene bukulo analipangira. Mapepala ake ndi opinda pakati, omangidwa ndi timawaya tiwiri, ndiye tsamba lililonse lili ndi linzake kutsogolo. Ukang'amba ili, linzake limagwa. Linzake la tsamba langa linali la chaka chatha, pamene achemwali anapita padera. Adokotala analembapo ndi inki yofiira zimene adzayenera kusamala akadzakhalanso ndi pakati, ndipo anawauza kuti asadzalitaye.

Ndinaligwira nthawi yaitali. Kenako ndinatseka buku n'kulibweza pansi pa makandulo. Achemwali sadwaladwala. Ndinati padzapita zaka lisanatsegulidwe.

Kapepala kaja ndinakapereka kwa wokonza mafoni. Anawerenga, n'kuseka.

“Dzina ili si lako. Ndiye matendawa si ako, komanso si anga.”

Anapukutira kachitsulo kake kowotcherera mawaya, n'kutaya pansi. Kuyambira tsiku limenelo nambala yake inasiya kupezeka.

Mapiritsi ndinawabisa m'chitini cha mabatani. Sabata isanathe ndinachira. Pa nkhani yonseyi, chimenecho chokha ndi chimene chinayenda bwino.

5. Sikelo

Patapita masabata atatu, Lamulungu masana, achemwali ndi alamu anabwera kwathu atavala bwino. Achemwali anakhala pafupi ndi amayi n'kuwanong'oneza. Amayi anavula magalasi n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi.

Anali ndi pakati pa miyezi itatu. Anabisa chifukwa cha zija za chaka chatha, kuti aone kaye ngati pakhazikika.

“Mawa tikuyamba sikelo,” anatero alamu. “Ndipita nawo, akuti obwera ndi amuna amayamba ndi iwo. Wailesi, ukonzeke. Mwana ameneyu akadzayamba kulankhula adzakuphunzitsa.”

Ndinawaperekeza mpaka kunyumba kwawo, ndikuti mwina ndipeza mpata wofika pa dirowa ija. Titangolowa, achemwali anatsegula dirowa, n'kutenga buku, n'kuliika m'chikwama chawo cha m'manja.

“Ndingaliiwale mawa,” anatero. “Wailesi, bwanji waima ngati mtengo wa magetsi? Ukufuna kunena kanthu?”

“Ayi. Ndapita.”

“Uyende bwino, mayi wamng'ono.”

Lolemba cha m'ma 3 koloko achemwali anafika kwathu okha. Sanagogode. Anakhala pa mulu wa nsalu za makasitomala, chinthu chimene amayi salola, koma tsiku limenelo anawalekerera. Anafotokoza mawu ali phwa, ngati akuwerenga nkhani ya munthu wina.

Namwino wa kusikelo anatsegula buku alamu ali pomwepo. Anafunsa ngati mankhwala aja anawamaliza, ndiponso ngati bambo analandira kapepala kawo. Alamu anafunsa kuti kapepala kanji. Namwino anawerengetsa masiku, nkhope n'kusintha.

“Anandikalipira, amayi. Akuti ndinanama kuti ndilibe pakati pomwe ndinali ndi miyezi iwiri. Akuti mapiritsi amenewo woyembekezera samwa, kodi ndimafuna kupha mwana? Ndinati sindinapiteko ine ku chipatala chimenecho, sindikudziwa ngakhale geti yake. Anati, mayi, buku silidzilemba lokha, chidindo ichi, tsiku ili.”

“Nanga bambo anati chiyani?” anafunsa amayi.

“Anangofunsa kuti linali tsiku lanji. Atamva kuti Lachiwiri anati, ndiye kuoda kuja n'kumeneku.”

Anawayeza magazi onse awiri. Sanawapeze ndi kanthu. Achemwali anaganiza kuti nkhani yathera pomwepo, koma alamu anati zimenezo zikungosonyeza kuti anachira mobisa. Pa geti ya chipatala anakwera minibasi ina.

Amayi anatambasula dzanja. Achemwali anawapatsa buku. Amayi anavala magalasi n'kuwerenga tsamba lonse, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Atamaliza sanayang'ane achemwali. Anayang'ana khoma.

Ine ndinali pakona ndi simbi m'manja. Kolala ya malaya a kasitomala inapsa.

6. Mawu a azakhali

Azakhali, alongo awo a malemu bambo, anafika Lachinayi. Anakana mpando, n'kukhala pa mkeka miyendo atatambasula. Anandiona ndikuthira tiyi.

“Wailesi, tuluka. Izi si za ana.”

Ndinatuluka n'kukhala kuseri kwa zenera. Ndinamva zonse.

“Mwana wa mlongo wanga,” anayamba azakhali, “ine sindinabwere kudzakuweruza. Wakutsina khutu ndi mnansi. Munthu amaterereka, ngakhale wa miyendo iwiri yabwinobwino. Koma ukagwa m'matope usamauze anthu kuti ndi sopo. Mwamuna uja ndakhala naye pansi dzulo. Si woledzera, si womenya, manja ake ndi a ntchito. Akuti chimene chikumuwawa si matendawo ayi, koma kuti masiku asanu ndi awiri unkamwa mankhwala m'nyumba mwake, n'kumamuyang'ana m'maso, n'kumamusekerera. Ukanamuuza bwenzi atapsa mtima n'kuzizira. Banja limapirira njala, limapirira maliro, koma kukana chinthu cholembedwa silipirira. Ulule, mwana wanga. Tchula munthuyo, upepese, ife tikagwade m'malo mwako. Madzi akatayika saoleka, koma mtsuko umatungiranso ena. Ukapitiriza kuuma mutu, mwana ali m'mimbayu adzabadwa bambo wake akumukana. Ndiponso ganizira mng'ono wako. Mwana wofatsa uja akuonera iwe. Ukumuphunzitsa chiyani?”

“Azakhali, ndiulule chiyani?” anatero achemwali. “Mukufuna ndipeke dzina la mwamuna kuti mundikhululukire?”

“Ndiye bukuli linayenda lokha?”

“Sindikudziwa.”

“Amayi ako ali apa. Auze kuti sukudziwa.”

Amayi analankhula kamodzi kokha. “Ndinkanyadira iwe,” anatero.

Sabata yotsatira achemwali anapita okha ku chipatala cha kutali chija. Kalaliki anatsegula kaundula n'kuwaonetsa dzina lawo ndi nambala ya buku lawo. Namwino anawayang'ana n'kunena kuti amaona anthu oposa zana pa tsiku, sangakumbukire nkhope, koma zolembazo ndi zake ndithu. Achemwali anabwerako atatupa mapazi.

Anayamba kugona m'chipinda changa. Kusaluni anasiya kupita, chifukwa nkhani inali itafika kale ndipo makasitomala ankabwera kudzaona iwo, osati kudzakonzetsa tsitsi. Chakudya ankangochigwiragwira. Tsiku lina m'mawa anaona timadontho ta magazi. Kuchipatala anati kuthamanga kwa magazi kwakwera, apume, asamaganize zambiri.

Achemwali anayamba kuganiza kuti wina anatenga buku lawo, ndipo aliyense anamuganizira: mnzawo wa kusaluni amene anakangana naye, mayi woyandikana nawo nyumba, ngakhale mlongo wawo wa alamu. Ine ndekha ndi amene sanandiganizire. Kiyi wa nyumba ndinkamudziwa pamene amabisa, Lachiwiri lililonse ndinkakhala mmenemo ndekha, koma ndani angaganizire wailesi yopanda mabatire?

Lachitatu masana achemwali anandiitana kuti andiluke tsitsi, akuti manja akuwayabwa. Ndinakhala pansi pakati pa miyendo yawo.

“Iwe ndiye mnzanga amene watsala,” anatero akulekanitsa tsitsi ndi chipeso. “Sundifunsa mafunso. Ukadzakhala ndi vuto, Wailesi, lililonse, udzabwere kwa ine. Usadzapite kwa amayi kapena kwa azakhali. Wamva?”

Ndinagwedeza mutu.

“Usagwedeze, ukhotetsa mzere.”

Madzulo a tsiku lomwelo kunabwera uthenga. Alamu adzafika Loweruka ndi abale awo kudzatula katundu wa achemwali. Za mwana anati adzaona akadzabadwa kuti wafanana ndi ndani.

7. Ku shedi

Lachisanu m'mawa achemwali anatulutsa kiyi m'chikwama n'kundipatsa.

“Kawapatse alamu ako kiyi wawo. Sindikufuna adzachite kundipempha pamaso pa anthu.”

Shedi ya alamu ili kuseri kwa malo ogulitsira matayala. Ndi ya malata, mbali imodzi yotsegula. Pansi pamakhala utuchi wofika m'akakolo, ndipo kukhoma kuli misomali yopachikapo macheka ndi mahamala, chilichonse pamalo pake. Ndinawapeza akupala chitseko ndi makina aphokoso. Ndevu zinali zitamera, lamba atamuboola bowo lina.

Anandiona koma sanazimitse makina. Ndinaika kiyi pa thabwa. Anamuyang'ana, n'kumuika m'thumba, n'kupitiriza ntchito.

Ndinayenera kubwerera. Ndinafika mpaka pa mulu wa matayala, n'kuima. Ndinabwereranso mu shedi.

Ndinanena koyamba, makina n'kumeza mawu onse. Alamu anangoona milomo ikugwedera. Anazimitsa. Mu shedi munangoti zii, utuchi ukutsika pang'onopang'ono.

“Ukuti chiyani?”

“Ndinali ine.”

“Unali iwe chiyani?”

“Amene anapita ku chipatala chija. Ndinatenga buku la achemwali m'dirowa. Ndinavala duku lawo. Matenda aja anali anga, alamu. Mapiritsi ndinamwa ndine. Achemwali sakudziwa chilichonse.”

Sindinayambe ndalankhulapo mawu ambiri chonchi pamaso pawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka kuseka kopanda mano.

“Wakutuma ndani? Mkulu wako kapena azakhali? Aona kuti mawa ndi Loweruka, ndiye apereka mwana nsembe.”

“Sanditume.”

“Iwe? Iwe amene ukaona mwamuna umawoloka msewu?”

“Buku langa lili mu sutikesi ya amayi. Nditapita ndekha anandibweza, anati ndikabwere ndi munthu wamkulu. Nditapita ngati mayi wapabanja anandipatsa mpando. Namwino anandifunsa ntchito ya mwamuna wanga. Ndinati kalipentala.”

Kuseka kuja kunatha. Alamu anakhala pa chitseko chimene ankapala. Anayang'ana manja awo, kunsi ndi kumwamba.

“Masabata atatu,” anatero motsitsa. “Unali pomwepo masabata atatu, ukumuona. Ukudziwa mawu amene ndinamuuza mkazi uja pa geti ya chipatala? Ukudziwa zimene ndauza amayi anga, abale anga, abusa? Ngakhale zako zikhale zoona, zimenezo ndikazitola bwanji?”

Sanayembekezere kuti ndiyankhe.

Anaimirira, n'kukutumula utuchi pa thalauza. Anakoka chitseko cha malata n'kukhoma loko, dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe.

“Sindinakukhulupirire,” anatero. “Mawu amenewa ukawanene pamaso pa amayi ako ndi mkulu wako, mokweza ngati mmene wanenera pano. Ukakangoti chete, ndidziwa kuti anakutuma, ndipo mawa katundu akubwera. Tsogola.”

Kuchokera ku shedi kukafika kwathu ndi ulendo wa mphindi makumi awiri. Ndinatsogola.